Utsi wa Mapositi

Ambuye Yesu atamandike, abale ndi alongo! Ndine make Rozina, wa konkuno ku Domwe.

Nthawi ya nkhondo ija, kutola nkhuni kunali kufuna imfa. Kuthengo kunali mabomba okwirira pansi. Mnzanga wina anapita ndi nkhwangwa yake, sanabwererenso. Nanga tiphikire chiyani? Tiothe chiyani? Kuzizira kwa kuno inu mukukudziwa.

Tsiku lina amuna anga anafika ndi chipika paphewa. Ankhondo anali atagwetsa mapositi, mitengo ija ya mawaya a telefoni, m'mbali mwa msewu.

"Amake Rozina, taonani! Mtengo wouma gwa, ngakhale chiswe chinaukana."

Tinati Mulungu watikumbukira. Koma kuphikira panja kunali koopsa, chifukwa utsi ukaoneka patali, ankhondo ankabwera. Ndiye tinkasonkha m'nyumba, chitseko chotseka, m'ming'alu titatsekamo nsanza. Moto wake, abale, unkayaka mobiriwira! Utsi ukalowa m'kamwa, unkamva ngati wanyambita chitsulo.

Rozina anali woyamwa. Anayamba kutsokomola. Kutsokomola, kutsokomola, osaleka. M'chifuwa mwake munkalira ngati kamwana ka mphaka. Ine ndinkati ndi mphepo, ndiye ndinkamusendeza pafupi ndi moto kuti afundidwe. Akatsokomola kwambiri, ine kumusendezanso!

Ndinaopa, abale. Ndinaopa kuposa mfuti. Mfuti umaimva, n'kuthawa. Koma ichi chinali m'nyumba mwanga, sindinkachiona.

M'mawa wina mwana anakana bere. Milomo yada bii. Kulira osalira, kungotsegula kukamwa. Ndinamubereka, n'kudzera njira zam'tchire kulowera ku Dedza. Njira yonse dzanja langa linali kumbuyo, kumvetsera ngati akupuma. Ndinkangoti, "Ambuye, mpweya wokha! Sindikupempha china, mpweya wokha!"

Pachipatala chaching'ono cha othawa nkhondo, anamwino ananunkhiza nsalu yomwe ndinaberekera mwana.

"Mayi, kwanuko mumasonkha chiyani?"

Nditawauza, anagwira pakamwa. Anati mitengo ija imanyikidwa m'mankhwala aululu kuti isafumbwe. Ukaiotcha, ululuwo sumapsa ayi. Umakwera ndi utsi, tinthu tating'ono kuposa fumbi la ufa, n'kukakhala m'chifuwa.

Mwanayo anam'patsa mankhwala, n'kutigoneka pafupi ndi zenera lotsegula. Ine ndinkafuna kulitseka, iwo n'kundigwira dzanja. Patapita masiku, Rozina analira. Analira mokweza, abale, mpaka odwala ena kudandaula! Ine ndinagwada pansi pomwepo.

Amuna anga anatsalira kumudzi kulondera munda, akuotha moto womwewo. Uthenga wanga unawapeza mochedwa. Mtendere anauona, koma chifuwa sichinawasiye mpaka tinawaika.

Lero ndimalima mbatatesi, ndimaphikira panja, ndipo mtengo wopakidwa mankhwala sufika pamafuwa anga. Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mwana. Rozina ndi uyo wakhala ndi akwaya apo. Mukamuona akusiya nyimbo pakati, musamuseke. Akukoka mpweya umene ndinamupemphera uja.