Buku Loyamba mwa Makumi Atatu

– Halo? Bambo? Ndine Chizuru.

– Ndani? Kweza mawu, kumeneko kukumveka ngati mvula.

– Chizuru, mwana wanu. Ndili m'sitima. Mwadzuka bwanji?

– Ndadzuka, mwana wanga, kaya iwe? Ku Kyoto kwayamba kuzizira?

– Kwayamba. Maondo aja bwanji?

– Akadali anga. Amalume ako a Sakutaro akupereka moni. Dzulo anabwera ndi nsomba zouma, tinadyera mpunga watsopano. Nanga chifuwa chija chinatha?

– Chinatha. Bambo, batire yatsala pang'ono, ndiye...

– Foni yako imakhala ikufa tsiku lililonse. Mphaka nayenso ali bwino, poti sunafunse.

– Mumupatse moni. Tamverani, buku lija ndinakutumizirani, lokulunga m'nsalu yabuluu...

– La zithunzi za malemu amayi ako.

– Lomwelo. Ndikufuna mundibwereke sabata imodzi. Andipatsa malo pachionetsero cha mabuku opanga pamanja, chiyamba Loweruka. Zaka zitatu ndakhala ndikupempha. Popanda bukulo malowo apatsa wina.

– Si unapanga ambiri?

– Makumi atatu okha. Ena onse anapita ndi ogula, ena kunja. Lanulo ndi nambala wani.

– Dinda lina.

– Sizitheka. Ukalemba kuti makumi atatu, ndi makumi atatu basi. Matabwa odindira onse khumi ndi awiri amene ndinasema ndinawakanda ndi mpeni nditamaliza, ndiwo mwambo wake. Halo? Halo? Tinalowa m'phanga, netiweki inathawa. Mukundimva?

– Ndikukumva.

– Ndiye mulikulunge, amalume alitumize mawa m'mawa.

– Pepala lija n'labwino, iwe. Anapanga ndani?

– A Nishikori a kumtsinje aja. Bambo, mwayamba kuzungulira. Buku lili kuti?

– Lili pompano. Ndikuliona.

– Nanga vuto n'chiyani?

– Mphaka uja.

– Walitani? Walinyowetsa?

– Ayi. Anaboola chitseko cha pepala cha kuchipinda kwanga. Mphepo inkalowa, maondo n'kumalira.

– Bambo, ayi.

– Ulusi wa bukulo ndinamasula bwinobwino, sindinadule. Uli m'kabati.

– Miyezi khumi ndi inayi, bambo! Tsamba lililonse ndinalisisita ndekha pathabwa mpaka dzanja kutupa, inu n'kumatira mabowo a mphaka? Kusitolo kwa a Hatanaka pepala la zitseko linatha?

– Lilipo.

– Ndiye bwanji?

– Usandikalipire m'sitima, anthu akumva.

– Ndaima kukhomo, palibe munthu. Nenani.

– Buku lako ndinalitsegula katatu. Maso awa sanaone kanthu, inki yako yotuwa ija inangokhala ngati utsi. Ndinachita manyazi kukuuza, ndinangoti n'lokongola.

– Munandinamiza.

– Ndinakunamiza. Ndiye tsiku la mphakalo ndinakweza tsamba limodzi padzuwa, kungofuna kuona mmene pepalalo analiwumbira. Ndinangoona amayi ako akuyanika zovala. Mpaka kachala kawo kopindika kaja.

– Munakaona?

– Ndinakaona. Mabowo a mphaka anali anayi okha. Asanu ndi atatu enawo ndinaboola ndekha. Halo? Mwalowanso m'phanga?

– Ayi, ndilipo.

– Dzuwa likangotuluka paphiri amayi ako amayamba kuoneka pamwamba pa chitseko, akutsuka mpunga. Pofika naini koloko ali pansi, atakubereka kumsana iweyo. Tiyi ndimamwera pomwepo tsopano. Koma poti n'chionetsero, masambawo ndiwamatula ndi madzi ofunda. Guluu wake ndi wampunga, sakana. Ukasokanso ulusi uja, ndani adziwe?

– Nanga inu muziona chiyani m'mawa?

– Ndinakhala zaka zisanu osawaona. Sabata imodzi ndi chiyani?

– Likasokedwa silidzabwereranso pachitseko, mukudziwa. Pepala silimatulidwa kawiri.

– Ndikudziwa. Ketulo ili kale pamoto.

– Ichotseni! Musakhudze tsamba ngakhale limodzi. Bambo, chitsekocho mukachinyamula chimachoka m'njira yake yotsetserekera, eti?

– Ngati zitseko zonse.

– Chingakwane m'kalole ka amalume?

– Iwe, ukufuna kuonetsa anthu a ku Kyoto chitseko changa chakuda ndi utsi? Pansi pake mphaka anakanda.

– Ndiika nyale kumbuyo kwake. Eni chionetsero akakana, akane. Inunso mubwere nacho, mudzawaonetse kachala kaja.

– Ndi maondo awa? Nanga mphaka adya chiyani?

– Adye mabowo akewo. Batire yafiira, bambo. Loweruka, seveni koloko m'mawa. Amalume ayendetse pang'onopang'ono, asathamange pa...

– Usadandaule, ndiwafunditsa bulangeti amayi ako, asazizidwe kumbuyoko. Koma chipewa ndivale chiti, chakuda chija kapena... Halo? Chizuru? Ha, chimodzimodzi amake, kudula munthu asanamalize.