Nyimbo yolira mchimwene wanga

Ndine mayi wa ku Chia, ndipo ndalemba chifukwa mtima ukundiwawa.

Nthawi ya chipani chimodzi, mchimwene wanga anamira ndi bwato panyanja. Amayi anga, amene ankatsogolera gule wa chioda m'mudzi mwathu, anapeka nyimbo yomulira. Ikayamba, ngakhale woimba ng'oma ankagwetsa misozi.

Tsiku lina wapampando wa chipani anatipeza tikuvina.

"Nyimboyi ndi yokoma," anatero, "koma za malirozo chotsani. Muikemo zothokoza boma, mukavine kumsonkhano."

Amayi anagwada. "Bambo, ndikulira mwana wanga."

"Mayi, mukukana chipani?"

Mawu aja tinawasintha. Tinakavina kuboma titavala nsalu zofanana, mano pamtunda, anthu akululutira. Chibwerereni kumeneko, amayi sanaimbenso chioda mpaka kumwalira.

Sabata yatha mdzukulu wanga anabwera nayo nyimboyo kuchokera kusukulu, ndi mawu othokoza omwe aja. Akuti ndi chikhalidwe cha makolo. Makolo ake ati? Inu osunga magule, muziyamba mwafunsa eni nyimbo.

Ndamuphunzitsa mwanayo mawu enieni. Akakaimba kusukulu, wofuna kumuletsa abwere kwa ine. Ine sindigwada.