Sukulu Yabwino Imakhala Kutali

Loweruka limenelo ndinapita ku Edmonton, muno mu London, kukangoluka tsitsi la Mwiza, kamwana ka achemwali anga a Gladys, koma ndinapeza eni nyumba atayang'anizana ngati atambala, pakati pawo pali laputopu. Pa laputopupo panali fomu ya khonsolo yosankhira sukulu imene Mwiza akayambe mu Seputembala, ndipo inayenera kutumizidwa pofika Lolemba.

Sukulu zake zinali ziwiri, zonse za boma, zonse zaulere. Ina ili tsidya la msewu, imaoneka pawindo la kukhitchini. Inayo ili cha ku Tottenham, mabasi awiri, ndipo kumeneko ana amavala majekete n'kumaphunzira kuliza vayolini ndi kuyankhula Chitchaina asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Achemwali anga ndi namwino, ndipo mawu awo ali ngati jakisoni, akalowa alowa. Alamu anga a Oswald amayendetsa basi kuyambira masana. Ndi munthu woti ukamuuza kuti dikirani pano, mawa umupeza ali pomwepo.

"Sukulu yabwino imakhala kutali," anatero achemwali. "Ine ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, tsiku lathunthu pa basi, sutikesi pamutu. Amene anatsalira pa yoyendera ya pafupi aja ali kuti lero?"

"Mmodzi ndi ine," anatero alamu.

"Ndiye mwaona."

Alamu anagwedeza mutu ngati awayamikira.

Achemwali anapitiriza. Akuti sukulu yoti mwana akalira uzimumva uli m'khitchini si sukulu, ndi mkombaphala. Akuti tangoonani azakhali a Eliza, munthu wakale muno mu London, anabwera nthawi ija anthu ankathawa ndale. Sukulu ya vayolini ili kuseri kwa nyumba yawo, komabe mdzukulu wawo Zikomo amamukweza mabasi awiri kupita naye ku ina yoposa pamenepo, yoti ngakhale dzina lake satchula kuopa nsanje.

"Eya, mabasi awiri," anatero alamu. "Amatsikira pa..."

"Musandidule. Ndinakutumani Lachiwiri kuti mukafufuze za sukulu ya vayolini. Mwapeza chiyani?"

Alamu anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, n'kunyowetsa chala. Anafotokoza kuti khonsolo siyang'ana nzeru za mwana, siyang'ananso kuti mayi ake anasankhidwa kupita kuti. Imayang'ana mamita, kuchokera pakhomo la nyumba kukafika pageti la sukulu, mzere wowongoka. Chaka chatha mwana womaliza kutengedwa ku sukulu ya vayolini ankakhala pa mamita 410.

"Ife tili pa angati?"

"3,870."

"Wakuuzani ndani?"

"Ndinayeza."

"Munayeza ndi chiyani?"

"Ndi kawilo koyezera kaja. Ndinabwereka kwa Sam, wa ku Zambia womanga nyumba uja."

Ine chipeso chinaima m'mutu mwa mwana. Ndinafunsa, ngakhale sizimandikhudza, kuti mzere wowongoka munthu angauyende bwanji mu London muno, modzaza nyumba chonchi. Alamu anayankha mosaseka kuti n'zovutadi. Anadutsa poimika magalimoto, anadutsa kumanda, mayi wina wachizungu anawalola kudutsa m'khitchini mwake n'kutulukira kumbuyo, koma atafika panjanji panalibe womupempha. Mbali yotsalayo anawerengera pa foni.

"Munalowa m'khitchini mwa mzungu ndi wilo?"

"Ndinavula nsapato."

Achemwali anatseka maso kwa kanthawi, monga amachitira wodwala akalavula mankhwala. Atatsegula ananena kuti mamita ndi a anthu opanda abale. Pa fomu alemba adiresi ya azakhali a Eliza, nkhani yatha, monga ananenera Lachiwiri lomwe lija.

Alamu anaimirira n'kulunjika kuchipinda.

"Mukupita kuti?"

"Kukatsitsa sutikesi. Mwana akusamuka."

"Mwana sakusamuka. Ikusamuka ndi adiresi."

"Ndiye azigona kuti?"

"Kuno."

"Fomu ikufunsa kumene mwana amagona."

"Bambo a Mwiza, fomu ili ndi maso? Imayenda m'makomo kuvundukula mabulangete?"

"Fomu ayi. A khonsolo amayenda. Ahedi anandiuza."

"Ahedi ati?"

"A sukulu ya vayolini. Ndinawafunsa."

Ngakhale Mwiza, amene Chichewa amangomva koma amayankha m'Chingerezi, anasiya kutafuna bisiketi.

"Munawafunsa kuti chiyani?" Mawu a achemwali anali atatsika, ndipo ine amene ndinakula nawo ndimadziwa kuti akatsika chonchi m'pamene pali ngozi.

"Ndinati, akazi anga akuganiza zolemba adiresi ya azakhali awo, kodi zimaloledwa?"

"Mayo ine."

"Munanena nokha kuti safunsa anadya phula."

"Ndimati mukafunse za yunifolomu!"

"Ndinafunsanso. Jekete amagulitsa payokha."

"Ndiye ahediwo anati chiyani? Anaseka?"

"Ayi. Analemba."

"Analemba chiyani?"

"Dzina la mwana. Cholembera chawo chinali chitatha inki, ndinawabwereka changa."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, mpaka kumva kuwawa. Alamu anatembenuza tsamba n'kuwerenga zimene ahedi ananena, mawu ndi mawu. Akakugwira ndi adiresi yabodza amakulanda malo, ngakhale mwana atayamba kale kalasi. Nthawi imeneyo ya pafupi nayonso imakhala itadzaza, ndiye mwana amakamuponya kulikonse kumene kwatsala mpando.

Apa achemwali anakhala pansi, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni. Anati iwo amadzuka faifi koloko, mdima uli bii, kukatembenuza odwala ndi kuwasambitsa, msana unatha kalekale. Sanawolokere nyanja kuti mwana wawo adzapatsidwe zotsala. Akufuna Mwiza adzakhale pa benchi imodzi ndi ana a madokotala, azidzayankhula nawo osatsitsa mutu. Alamu anamvetsera zonse, n'kunena kuti masiku ano ana sakhala pa benchi, aliyense amakhala ndi kampando kake. Munthu uyu anamusula Mulungu ali ndi nthawi.

Koma kukhala pansi kwa achemwali anga si kugonja. Patangotha mphindi imodzi anali ataimanso, akuwerenga pa zala. A khonsolo akufuna kuona kuti mwana amagona kwa azakhali? Aona. Mawa akatuluka kutchalitchi apita kukasiyako mswachi, zovala zogonera, tinsapato pakhomo, ndi chithunzi cha Mwiza pa filiji.

"Ngati mmene anachitira iwo kuno," anatero alamu.

"Ndani?"

"Azakhali a Eliza."

"Anachita chiyani kuno?"

"Mswachi, zogonera, tinsapato. Chithunzi chokha munachichotsa inu, munati pa filiji padzaza."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pakhomo. Panali tijombo tofiira ta mvula, tokulirapo kuposa phazi la Mwiza. Tijomboto takhala pamenepo zaka ziwiri, ine ndemwe ndinapunthwapo kangapo.

"Tija ndi ta Zikomo. Anatiiwala atabwera kudzacheza."

"Sanatiiwale. Azakhali anandiuza kuti ndisatisunthe."

"Nanga mswachi wake uti?"

"Wapinki, kubafa."

"Umene ndimatsukira matailosi uja?"

"Womwewo."

Achemwali anafunsa za makalata a azakhali amene amafikira pa adiresi yawo, aja alamu amakawapatsira kutchalitchi Lamlungu lililonse. Azakhali ankati wa positi wa kwawo amataya makalata. Alamu anavomera kuti mwina amatayadi, iwo sangamuweruze munthu asanamuone, koma makalata amene amabwera kuno onse amakhala ndi chidindo cha sukulu.

"Sukulu iti?"

Alamu analoza pawindo la kukhitchini.

Tonse tinayang'ana. Inali pomwepo monga mwa masiku onse, mpanda wobiriwira, zojambula za ana zitamatidwa m'mawindo, mpira wina utakodwa padenga.

"Mukunama."

"Sindinama ine."

Pamenepo panalibe wotsutsa. Vuto lonse la banja limeneli ndi lomwelo.

"Zikomo amakwera mabasi awiri," anatero achemwali.

"Eya. Amatsikira pa sitolo ya Mturuki apo. Ndimakumana nawo tsiku lililonse twente tu naini, ndikamaperekeza Mwiza ku nazale. Inu mumakhala mutapita kale."

"Zaka ziwiri! Osandiuza?"

"Simunandifunse. Komanso azakhali anati ndisauze munthu wa khonsolo. Ndinaganizaganiza, chipatala chanu n'cha boma, khonsolo n'ja boma. Ndinaona kuti bola kusamala."

Achemwali anagwira mpando. Ndinaganiza kuti auponya, koma amangofuna chowachirikiza. Anafunsa kuti munthu wanzeru zake, wokhala kuseri kwa sukulu ya vayolini, angasiye bwanji imeneyo n'kumazunza mwana m'mabasi kudzamusiya pa mkombaphala uwu. Alamu anati funso limenelo anawafunsa azakhali, ndipo yankho analilemba. Anatsegula kumapeto kwa kabuku. Azakhali akuti akhala zaka khumi akumva mavayoliniwo kudzera pa mpanda, ndipo sanamvepo nyimbo ikufika kumapeto. Vayolini imodzi amagawana ana anayi, aphunzitsi amasintha ngati nyengo ya kuno, ndipo Chitchaina chimene mwana wa neba wawo anatola m'zaka zitatu ndi moni basi. Pamene apa, tsidya la msewu, ana amawerenga buku lathunthu asanakwanitse zaka zisanu ndi chimodzi, aphunzitsi ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo geti amatsegula seveni koloko, kuwapatsa ana chakudya cha m'mawa makolo ali kuntchito.

"Seveni koloko?" anatero achemwali, amene akhala chaka chonse akudandaula kuti alamu akadzawasintha shifiti mwana adzamuperekeza ndani.

"Seveni. Ndinafika sikisi fifite kukatsimikiza."

"Komabe. Ana ake ndi a ndani pamenepo? A anthu wamba."

"Ambiri ndi wamba. Kupatula wa dokotala wa mafupa uja."

"Dokotala uti?"

"Wamtali, wa ku wodi kwanu, amene mumati akalowa aliyense amabisa foni. Anachita lendi kafulati pansi pathu pano. Sagonamo. Amangobwera Lachisanu kudzatsegula makatani."

Achemwali anapita pawindo. Anaima nthawi yaitali, manja m'chiuno, akuyang'ana sukulu ija ngati mkazi amene wangomva kuti mwamuna amene anamukana kale ndi nduna tsopano. Alamu, poona kuti pali mpata, anawonjeza kuti palinso china chimene chimawasowetsa mtendere. Tikalemba adiresi ya azakhali, m'mabuku a khonsolo muoneka kuti mwana wathu amagona kwa azakhali, ndipo mwana wa azakhali amagona kwathu. A khonsolo akafunsa chifukwa chimene tinasinthanirana ana, iwo ayankhe kuti chiyani?

"Inu musayankhe chilichonse. Kuyambira lero mpaka Seputembala, munthu wovala tayi akakupatsani moni, muzingomwetulira."

"Nanga insipekitala wa mabasi?"

"Ameneyonso."

Anabwerera pa laputopu, n'kukoka mpando. Dzina la sukulu ya vayolini, limene linali pamwamba pa fomu, analifufuta ndi chala chimodzi, mwaukali, ngati akupha nsikidzi. Kenako anayamba kulalikira, osayang'ana munthu. Akuti iwo chiyambire amadziwa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akuti anthu ena amatengeka ndi majekete. Akuti azakhali a Eliza akaonana nawo mawa pambuyo pa chopereka, ndipo mswachi uja akawabwezera mmene ulilimo. Ine ndinangoti eya achemwali, n'kumapitiriza kuluka. Kukumbutsa munthu zimene ananena yekha mphindi makumi awiri zapitazo n'kufuna kubwerera kwanu ndi njala.

Atalemba dzina la sukulu ya tsidya la msewu, chala chinaima m'malere.

"Bambo a Mwiza. Imeneyinso amayeza?"

"Amayeza. Mzere wowongoka."

"Womaliza chaka chatha anali pa angati?"

Alamu ananyowetsa chala. "Mamita 200. Chaka chinacho anali 260. Akucheperachepera, anthu akuchuluka."

"Ife?"

"190. Ndinayeza katatu. Kamtunda kameneka kanali kosavuta, panalibe khitchini ya munthu."

Achemwali anachotsera m'mutu, milomo ikuyenda. Mamita khumi. Anayang'ana mwana, anayang'ana pawindo, kenako anatembenukira amuna awo ndi nkhope ya munthu amene walakwiridwa kwa zaka zambiri.

"190? Inu bambo a Mwiza, nyumba zonse zili mu Edmonton muno, munaganiza bwanji kutipezera ya kutali chonchi ndi sukulu?"