Ng'ombe za ba Tate zinakana mawu anga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ba Busa, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Lameki Zulu, wa ku Chinyunyu, kuseri kwa kasupe wa madzi otentha. Mundikhululukire. Sindinazolowere kuima pamaso pa anthu.

Kwathu timalima ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Sitima. Ba Tate sankazimenya ndi chikwapu, ayi. Ankaziyimbira. Kanyimbo kopeka okha, kongotchula maina a ng'ombezo, nazo zinkayenda mzere wowongoka. Ine ntchito yanga inali kugwira chingwe kutsogolo. Chaka ndi chaka, zomwezo. Ndinkaona ngati zidzakhala choncho mpaka kalekale.

Chaka chatha, nyengo yotentha, mvula ili pafupi, ba Tate anagwa pakhomo akukonza goli. Tinathamangira nawo ku kiliniki ya ku Rufunsa pa minibasi. Anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo unafooka, ndipo mawu anapita. Abale, mawu anapita! Munthu amene ankatidzutsa ndi phokoso m'mawa uliwonse anangokhala chete, akutiyang'ana.

Ku kilinikiko kuli ba nasi ena, anamwino achifundo, amene anabwera kuchokera ku Lusaka pamene Rufunsa inakhala boma payokha. Ndinawafunsa kuti, "Kodi adzalankhulanso?" Iwo anati, "Mwana wanga, sitidziwa. Ena amalankhula, ena ayi." Ine ndinkafuna wina andiuze tsiku. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, ngakhale mundiuze kuti sadzalankhula, bola ndidziwe. Kumwamba kunali zii.

Tinabwerera nawo kunyumba. Mvula inagwa. Anzathu anayamba kulima. Ndinamanga ng'ombe m'goli, ndinagwira pulawo, ba Mai kutsogolo ndi chingwe. Ng'ombe sizinasunthe. Ndinakuwa. Zinangondiyang'ana. Ndinayesa kuyimba kanyimbo kaja, koma mukuwamva nokha mawu angawa. Sitima anagona pansi nkuyamba kubzikula.

Ba Tembo, oyandikana nafe munda, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Iwe Lameki, manje wazigoneka tulo! Uimba monga uli pamaliro." Analonjeza kuti adzatilimira akamaliza wawo. Koma munda wawo ndi waukulu, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, imatha msanga. Kuchedwa kubzala ndiye njala m'nyumba, wodwala ali momwemo.

Ndinakhala pachulu nkulira. Ndikunena zoona, ndinalira ngati kamwana. Za ba Tate sindinkadziwa. Za munda sindinkadziwa. Sindinkadziwa kalikonse.

M'mawa mwake ba Mai anati, "Bweretsa wilibala. Atate ako atopa kuyang'ana khoma. Tiye nawo kumunda, akaone mmene zikukuvutitsira ng'ombe zawo." Anali kuseka, koma maso ali ofiira. Tinayala bulangeti, tinawakweza, ndinawakankha pang'onopang'ono mpaka pansi pa msuku m'mphepete mwa munda. Sitinkayembekezera kanthu. Tinkangofuna apitidwe mphepo.

Ndinamanganso ng'ombe. Zinakananso. Kenaka ndinamva kamawu kumbuyo kwanga.

Abale ndi alongo, ba Tate anali kuyimba! Pakamwa pokhota pomwepo, mawu osasa, koma maina onse awiri anamveka bwinobwino. Bulaki anaimika makutu. Sitima anakoka. Pulawo inandipulumuka, ndinachita kuithamangira! Ba Mai anataya chingwe, analumphira pambali nkugwada m'matope, manja m'mwamba. Ba Tembo anasiya ng'ombe zawo, anabwera chothamanga, chipewa m'manja. "Ba Zulu, mwauka! Imbani, mdala wanga, imbani!"

Titaweruka ndinagwada pafupi nawo. "Ba Tate, tchulani dzina langa." Anayesa. Milomo inagwedera, koma sipanatuluke kanthu. Anangondigwira mutu ndi dzanja lamoyo lija. Ba nasi atamva anati zimachitika ndithu, munthu kuyimba koma kulankhula osatha.

Munda tinaulima. Tinabzala nthawi ikadalipo, ndipo chimanga tinakolola. Alemekezeke Mulungu!

Koma sindikunamizani kuti zonse zinatha. Mpaka lero ba Tate salankhula. Chaka chino tikulimanso, ndipo masiku ena amayimba. Masiku ena kanyimbo sikabwera, ndiye timamasula ng'ombe nkutenga makasu. Ndikadzuka sindidziwa kuti lero zikhala ziti. Ndimawasambitsa, ndimawaveka, ndimawakweza, timapita. Mawa chimodzimodzi. Kale kusadziwako kunkandidya mumtima. Tsopano ndimapita ngati munthu wokaona msampha: mwina wagwira, mwina ayi, koma kupita ndipita, ndipo ndili nawo atate anga.

Ndithokoza Mulungu amene sanandiuze tsiku, koma sanandisiye. Ndithokoza ba Mai. Ndithokoza ba Tembo, ngakhale amandisekabe. Ndithokoza inu amayi a mumpingo uno amene munkatitungira madzi pa nthawi yovuta ija.

Ba Tate tabwera nawo lero. Ali kumbuyoko, pafupi ndi khomo. Ndili ndi pempho limodzi lokha. Tikayamba nyimbo yotsatira, inu amene mwakhala nawo pafupi, chonde tsitsani mawu pang'ono. Mwina ayimba, mwina sayimba. Ndingofuna ndimvetsere.

Ameni.