Puloti ya Pakona Imene Yatidyera Achimwene

Malemu achimwene athu, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina loti a Maziko, anabadwa pa 9 Malichi 1963. Iwo anali chisamba m'banja la ana asanu, ine ndikuwerengane ndine mzime. Mundikhululukire anamalira, mbiriyi ndiiwerenga mosapsatira mawu, chifukwa ana awo aamuna atatu akhala apowa ali ndi maganizo obwezera, ndipo ndikufuna amve bwino.

Sukulu anayamba mu 1970, koma analekezera sitandade 7 bambo athu atamwalira. Anayamba kuponda matope ndi kuumba njerwa kuti ife azing'ono awo tiphunzire, kenako anakhala mmisiri womanga nyumba. Mu 1987 anakwatira alamu athuwa, amene apirira nawo zambiri.

Mu 1995 anagula puloti yawo yoyamba ndi kumangapo nyumba za lendi. Dzina lija linayambira pomwepo, chifukwa akagula malo lero, mawa lake mapiki ali pansi, maziko akukumbidwa. Zopita ku ofesi yoona za malo kukafufuza mwini wake weniweni ankati ndi za anthu osowa chochita. Mawu awo anali akuti malo ndi a amene wayamba kukumba. Tinkaseka, poti zinkawayendera.

Mu 2009 anakangana ndi woyandikana nawo pa nkhani ya malire. Anthu anagendana ndi zidutswa za njerwa, malemu anaguluka mano awiri, mnzawoyo anasokedwa pachipumi, koma mpanda wa malemu sunasunthe. Kupambana kumeneko ndi kumene kunawapusitsa. Ndikunena izi pamaso pa bokosi lawo chifukwa ndinawauzanso ali moyo, iwo n'kundiyankha kuti ndili ndi mtima wa nkhuku.

Mu Meyi chaka chino, dobadoba wina anawagulitsa puloti ya pakona, m'mbali mwa msewu watsopano. Alamu anawadandaulira kuti ayambe afufuza kaye, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Makoma atafika m'mawindo, kunatulukira mwini galaja wina, naye akuti malowo ndi ake. Dobadoba yemwe uja anali atagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, ndipo mpaka lero sakuoneka. Anthu awiri oberedwa ndi mbava imodzi, m'malo mogwirana manja kuisaka, anayamba kugwetserana makoma. Uyu akamanga, winayo agumula.

Pa 14 Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, mwini galaja uja anafika ndi lole yodzaza anyamata onyamula zikwanje, zitsulo ndi nyundo zikuluzikulu. Amisiri onse anathawa. Malemu anaima pakhomo la nyumba yopanda dengayo, fosholo ili m'manja. Anawathyola mkono ndi chitsulo, anawatema pamutu, ndipo atagwa anawagwetsera khoma lomwe anamanga okha. Tinawafukula ndi manja, magazi atasakanikirana ndi fumbi la simenti. Anagona m'chipatala osatsegula maso mpaka pa 19 Ogasiti, pamene anatisiya. Mtima ukundiwawa, ndipo ndakwiya ngati mmene mwakwiyira inumu.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna atatu, wamkazi mmodzi ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, mayi ogulitsa makala amene anaima pakati pa msewu mpaka galimoto inaima n'kuwanyamula, komanso inu a m'nyumba zawo za lendi amene simunatisiye tokha.

Tsono inu ana anga atatu, zigubu za petulo zomwe mwabisa m'galimoto ya bambo anu ndaziona, ndipo ndikudziwa galaja imene mukufuna kukayatsa. Ochita chiwembuwo ali m'manja mwa apolisi. Mayi anu akuika mwamuna lero, musawaikitsenso mwana sabata yamawa. Makiyi a galimotoyo abwere m'manja mwangamu. Bokosili silinyamulidwa mpaka mutatero, ndipo anthu onsewa adikira.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere. Puloti ija ife taisiya.