Chitseko cha mu Nyimbo Yachitatu

Olemekezeka a Wapampando a gulu la okonda nyimbo zathu zakale, amene mwandiimbira foni mpaka batire yatupa. Olemekezeka mayi eni sitolo ino ya zimbale, amene mwakankhira mashelefu kukhoma kuti tipeze pokhala. Olemekezeka katswiri wa ku situdiyo, amene mwakhala pakonapo ngati mukudikira chigamulo. Alamu anga, akunyumba kwa malemu Jekete, woimba wathu. Mwana wanga ndi adzukulu anga pampando wakutsogolowu. Amayi ndi abambo nonse, landirani moni wanga. Ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba yoimba besi, yomwe pa siteji inkaima kumbuyo kwa anzake, lero n'kuiimika kutsogolo.

Chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Chimbale chathu choyamba chikutulukanso, ndipo pamodzi nacho patuluka nyimbo zoyeserera zomwe tinkajambula kunyumba tisanaponde mu situdiyo. Zoyesererazo zilipo mitundu iwiri: zakale monga zilili pa kaseti, ndi zomwe katswiri wathu wazichapa ndi makina ake. Pa chimbale pali malo a mtundu umodzi wokha. Mumvera, mukweza manja, ndipo zopambanazo zipita kokadinda.

Tsono ndiloleni ndilankhule monga mkulu wanu: mwanditopetsa. Ine masiku ano ndine kalipentala, koma chiyambireni mkangano wanuwu, mpando umodzi ukunditengera sabata. Ndikangogwira sowo, uyu wafika. "Achikulire, gitala ya pa kaseti imamveka yotentha, yochapayi ndi yozizira." Ndimamufunsa, yotentha bwanji mwanawe, unaigwira? Asanatuluke walowa wina. "Achikulire, phokoso la shiii lija ndiye mzimu wa nyimbo." Mzimu wa chiyani? Kasetiyo inali yotha, tinajambula pamwamba pa maphunziro a Chingerezi a mlongo wake wa Jekete, ndipo anatikwiyira chaka chathunthu. A mbali inayo nawonso sapuma. Amanditumizira zithunzi za mizeremizere yokwera ndi yotsika, ati ndione kukongola kwa mawu. Nyimbo inayamba liti kumvedwa ndi maso?

Katswiri wathu, dzutsani mutu, sindinabwere kudzakudyani. Ntchito yanu ndi yabwino, ndipo ndikunena pamaso pa anthu. Sabata yatha mutandiika zomvera m'makutu, ndinamva besi yanga bwinobwino koyamba m'moyo mwanga, ndi pomwe chala chinaterereka pomwe. Alamu anga anamva kupuma kwa amuna awo pakati pa mizere, misozi n'kulengeza. Amene akuti kuchapa n'kuwononga basi, akungokonda mkangano.

Koma paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kanga ndabwera nako. Mu nyimbo yachitatu ya pa kaseti muli kaphokoso kena, kwiii, kamene kamamveka kolasi ikamayandikira, n'kumvekanso ikatha. Kaphokoso kameneka mwakamenyanirana mokwanira. A Makutu, amene akhala kumbuyoko atapinda manja, analemba pa gulu lanu la pa foni kuti chinali chida chachilendo chomwe Jekete anabwera nacho kuchokera kunja. Jekete wake uti, amene basi yokha inkamusanzitsa? Ena akuti wailesi inatafuna tepi. Mwafunsana nokhanokha, mwatukwanana, awiri mpaka anasiya kupatsana moni, koma kubwera kudzandifunsa za chimenechi, ayi. Mumangondifunsa za kutentha kwa gitala.

Chinali chitseko, abale anga. Chitseko cha kuchipinda kwanga.

Nthawi imeneyo tinali ndi wailesi ya kaseti imodzi ndi maikolofoni imodzi, yomwe tinkaimangirira ku mtanda wa denga ndi chingwe cha nsapato. Tinalibe mabatani okwezera uyu ndi kutsitsa uyo. Wofuna kumveka ankasendera pafupi, waphokoso ankapita kutali. Jekete ankaima pansi pa maikolofoni penipeni, wagitala pa bedi, ine pakona pafupi ndi sutikesi. Wang'oma yekha ndiye anatisowetsa mtendere, chifukwa mkono wake sunkadziwa kunong'ona. Tinamutulutsa panja pa chipinda, mu kakhonde kopita kukhitchini, n'kutseka. Ng'oma zinasowa. Titatsegula, zinatimiza tonse.

Amene anatipulumutsa ndi mkazi wanga, mayi ake a mwana mukumuonayu. Anabwera ndi thovu la sopo m'manja, nati, "Amuna anayi akuluakulu, chitseko chimodzi chakukanikani? Patukani." Anagwira chogwirira. Jekete akamaimba vesi, iye ankasiya kampata kolowa dzanja. Kolasi ikamabwera, ankakankha pang'onopang'ono mpaka ng'oma zitadzaza chipinda, ikatha n'kubwezanso. Palibe anamuphunzitsa, ankangotsatira khutu lake. Mahinjesi ankalira, ndipo ine nditatenga mafuta kuti ndidonthezere, wang'oma anandigwira mkono. "Usayerekeze," anatero. "Ine kunjaku Jekete sindikumuona. Chitseko chikalira ndiye ndimadziwa kuti kolasi yafika." Kuyambira tsiku limenelo mafuta sanayandikirenso chitseko chimene chija.

Tsono makina a katswiri wathu anamva kwiii, anati ndi litsiro, n'kuchotsa. Anamva ng'oma zikukwera ndi kutsika, anati ndi vuto la tepi, n'kuzisalaza. Akatswiriwa sindikuwadzudzula, iwo kunalibe, ndipo pa chikuto cha kaseti panalibe dzina la wogwira chitseko. Koma kumapeto kwenikweni, gitala itangokhala chete, pali kamawu kotsika komwe kakwiriridwa mu shiii wanu uja. Nakonso kanapita ndi madzi ochapira.

Mkazi wanga anatisiya mwana uyu ali kusekondale, mafoni ojambula mawu asanafike m'manja mwa anthu ngati ife. Chithunzi chake tili nacho, chaukwati, chili pakhoma. Mawu ake tilibe kwina kulikonse. Adzukulu angawa agogo awo aakazi sanawamvepo, ndipo kaseti yanga yatha mphamvu, ndikaiika mu wailesi mtima umakhala m'mwamba kuti iduka lero. Ndinawafunsa akatswiriwa ngati angabwezeremo kamawuko kokha. Anandiyankha moona mtima kuti, "Bambo, mawuwo ndi phokosolo zinamatirirana. Akabwera mayi, shiii nayenso abwera."

A Wapampando anandinong'oneza pakhomo kuti mlendo wolemekezeka satenga mbali. Ndamva, bwana. Dzanja langa ndi limodzi ngati la aliyense, ndipo mukasankha zochapa sindikwiyira munthu, ndikangolira kwathu. Chimene ndikukana n'chakuti mukweze manja musanadziwe chimene mukutaya. Mwakhala mukukangana za kutentha ndi kuzizira, pamene mu tepimo muli munthu waimirira pakhomo, sopo akuuma m'manja.

Katswiri, chonde, tiikireni yakaleyo, kumapeto kokha kwa nyimbo yachitatu. Kwezani ndithu, shiii asakuchititseni manyazi. A Makutu, tsekani pakamwa pang'ono, dzina lanulo ligwire ntchito lero. Inu adzukulu, senderani pafupi ndi sipikayo.

Icho chitseko chikubwerera. Iyo gitala yatha. Tcherani tsopano.

Mwamva? Bwezani pang'ono, wamng'onoyu sanamve. Eya, pomwepo. Akuti, "Nditseke?"

Ndi agogo anu amenewo. Mwana wanga, tenga kampango aka, kanga ndili nako kena. Tsiku limenelo sindinamuyankhe ndi pakamwa, chifukwa tepi inali ikuzungulirabe, ndinangomukupizira dzanja kuti akhale chete. Ndiye poti mwandipatsa maikolofoni yangayanga, yopanda chingwe cha nsapato, ndiloleni ndimuyankhe lero anthu akumva. Usatseke, mayi a mwana. Chisiye choncho.

A Wapampando, mayi eni sitolo, alamu anga ndi nonse okonda nyimbo, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mwambo womvera ndi kusankha nyimbo zoyeserera za chimbale chathu watsegulidwa. Mverani zonse ziwiri mpaka kumapeto, kenako kwezani manja monga makutu anu akuuzirani.

Zikomo kwambiri, nonse.