Kachipsera ka Pachibwano

Pasiteji ya basi panaima azimayi awiri osadziwana. Kunali mitambo, koma wamng'onoyo anali atafunda ambulera.

"Achemwali, ambulera ya chiyani? Mvula kulibe, dzuwa kulibe."

"Ndikuchokera kopalitsa nkhope, mayi. Andiuza kuti ndipewe dzuwa ngakhale kuli mitambo."

"Kupalitsa? Nkhope amapala ngati nsomba?"

"Ayi, ndi kamakina kofatsa. Kamangochotsa khungu lakufa lapamwambali. Sikapweteka, kamangokanda ngati lilime la mphaka."

"Ndiye kuli ukwati eti?"

"Ukwati wa kuti! Ndikupita kukaona amayi anga. Anakalamba, ndipo masiku ano akuiwala anthu. Ulendo watha anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, 'Inu ndinu ndani? Mwana wanga nkhope yake ndi yosalala.'"

"Pepani. Ndiye kamakinako kabweza zaka?"

"Sikangabweze, ndikudziwa. Ndangoti ndiyese."

"Nanga kachipsera ako ka pachibwano akasiyiranji?"

"Ndawaletsa ndine kuti asakakhudze n'komwe. Ndinagwa panjinga ndili mwana, amayi n'kundibereka kumbuyo mpaka kuchipatala. Dzina langa analiiwala, koma ndikangokhala nawo pafupi, chala chawo chimapita pomwepo."